Kapu ya Asisi ndi Magalamu Angati?

Lachiwili la sabata yatha, ndili pa nchito ku boma kuno ku Petauke, foni inalila. Anali Nelia, mwana wa akulu anga a ku Nyimba. Sanayambe ndi moni, chinthu chimene sachita.

"Amama ang'ono, kapu imodzi ya mkaka waufa imalemela magalamu angati?"

Ndinaseka. "Iwe, ine nchito yanga ndi mafaelo. Funsa foni yakoyo, si ndiye imadziwa zonse?"

"Ndafunsa kale. Pena akuti 68, pena 125, pena 130. Zonse ndayesa. Sakutuluka."

"Sakutuluka chiyani?"

"Masikono a amama."

Mau ake anali ouma, ngati a munthu amene walila kale n'kupukuta nkhope asanaimbe. Kuseka kwanga kunathela pomwepo.

Kuti mumvetse bwino, ndikuuzeni kaye za amake.

Akulu anga aZelipa anayamba kuphika masikono ine ndili ku pulaimale. Ngati munakwelapo basi ya ku Lusaka n'kuima pa Nyimba, muyenela kuti munawaona. Pakati pa azimai a nthochi aja amene amathamangila kumawindo, panali mmodzi wamtali, wosathamanga, atanyamula beseni yophimba ndi nsalu yoyela. Sankaitana munthu. Anthu ndiwo ankatsika kukawapeza. Panali madalaivala ena amene ankayamba kufunafuna nsalu yoyelayo ndi maso asanaimike n'komwe basi.

Bambo ndi amai athu anamwalila motsatizana ine ndili Giledi 5. Beseni ija ndiyo inandigulila yunifomu, ndiyo inandipititsa ku sekondale, ndiyo inandifikitsa pa mpando umene ndakhalapo polemba nkhaniyi. Itatha kulela ine inalelanso ana awo atatu, chifukwa alamu anga nawonso sanakhalitse pa dziko.

Mvula itangotha chaka chino, m'mawa wina akukoleza malasha pa mbaula, asisi anagwa. Kuchipatala anati ndi sitiloko. Moyo unapulumuka, koma mbali ya kumanja inafa, kuyambila paphewa mpaka kuphazi. Pakamwa panatsala mau atatu okha omveka: inde, iyai, basi. Mutu uli bwinobwino. Mukalankhula amamva zonse, mukanena choseketsa amaseka ndi mbali imodzi ya nkhope. Koma zimene zili m'katimo zilibe potulukila.

Nelia anali ku Lusaka, kuphunzila zophikaphika pa koleji ina, ndipo anatsala ndi miyezi yochepa kuti amalize. Analongedza chikwama n'kubwela. Alongo ake awili akali pa sukulu, ndipo nyumba ija imadya za m'beseni. Beseni ikagona, onse agona ndi njala.

Sanaope. Akanaopa chiyani? Anakulila pambali pa uvuni wa amake, ndiponso anaphunzila kwa aphunzitsi a zipewa zoyela. Ankadziwa pamtima kuti amake amathila makapu asanu ndi imodzi a fulawa, kapu ya shuga, kapu ya mkaka waufa, majalini, mazila, mchele ndi bekingi pauda. Kapu yake ilipo mpaka lelo, yachitsulo, yabuluu, yothyoka chogwilila.

Koma masikono ankatuluka osiyana tsiku ndi tsiku. Lelo otuwa, osakoma, ngati buledi wogona. Mailo ofiila msanga kunja, m'kati muli muwisi. Atasinthasintha zonse, anazindikila kuti chimene chikumuvuta kwambili ndi mkaka. Ukachepa, sikono imauma. Ukachuluka, imapsa isanakhwime.

Pa foni paja anandiuzanso za aTembo, dalaivala amene wakhala akugula kwa amake kuyambila Nelia asanabadwe.

"Analuma kamodzi, n'kunena kuti, 'Wayesetsa mwana wanga. Ukawapatse moni amako.' Tsiku lotsatila anagula nthochi. Sanandinyoze, amama ang'ono. Bola akanandinyoza."

Loweluka ndinatsitsa sikelo yanga ya kukhichini, ija ya mabatile imene ndinagula adokotala atandiopseza za shuga n'kuiiwala pamwamba pa kabati. Ndinaipukuta fumbi n'kukwela minibasi. Podutsa pa Minga ndinkadziuza kuti nkhani yake ndi yaing'ono. Kukayeza, kulemba nambala, kubwelela madzulo.

Ndinapeza asisi ali pakhonde, pa mpando wa ndalema, atafunda chitenje. Dzanja lamanja linali pamiyendo, chikhatho chitayang'ana kumwamba, ngati chinthu chimene mlendo waiwala.

"Asisi, mwauka tyani?"

"Inde," anatelo. Anagwila dzanja langa ndi lamanzele ndipo sanalisiye msanga.

Nelia anatulutsa tebulo pakhonde pomwepo kuti amake aziona. Anabweletsa chitini cha mkaka, kapu yabuluu ija, supuni, mpeni ndi kabuku katsopano.

Kwa inu amene mumaphika, njila yake si yovuta. Mumaika kapu yopanda kanthu pa sikelo, n'kudina batani kuti nambala ibwelele pa zilo. Mukatelo kulemela kwa kapu kwachoka, chimene sikelo idzaonetsa ndi mkaka wokha. Mumadzaza, n'kuyeza katatu, n'kutenga nambala ya pakati. Ndinafotokoza zimenezi monyadila, ngati kuti Nelia sanaziphunzile ku koleji. Iye anangondisiya ndilankhule.

Tinayamba. Nelia anatunga n'kusalaza pamwamba ndi mpeni. Sikelo inati 141. Anatunganso n'kusiya kaphili pamwamba. Inati 176. Anagogoda kapu patebulo kuti mkaka ukhazikike, n'kuonjeza mpaka m'milomo, inati 165. Anathila ndi supuni pang'onopang'ono osagwedeza, inati 132.

Kapu imodzimodzi, chitini chimodzimodzi, dzanja limodzimodzi.

Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake foni inamusokoneza. Kapu imene amanena a pa foni si ya asisi. Titathila madzi m'kapu yabuluu n'kukhuthulila m'kapu yoyezela imene Nelia anabwela nayo ku Lusaka, inadzaza n'kusefukila. Komanso mkaka waufa si umodzi. Wamafuta, umene timagula kuno, ndi wolemela. Wina uja wopanda mafuta, wosungunuka msanga, ndi wopepuka ngati gaga, mwakuti kapu yake imalemela pafupifupi theka la unzakewo. Nthawi ya mvula mkaka umamwa chinyontho n'kuundana. Wa pansi pa chitini ndi wothithikana kuposa wa pamwamba. Funso la Nelia linalibe yankho limodzi. Yankho limene iye ankafuna silinali la kapu ayi. Linali la dzanja limene linkatunga.

"Ndiye pa zinaizi ya amama ndi iti?" anatelo.

Tonse awili tinatembenuka.

Asisi anali akutiyang'ana nthawi yonseyi. Anatukula dzanja lamanzele n'kukodola. Nelia anaika chitini pamiyendo pawo n'kuwapatsa kapu.

Anatunga. Dzanja linanjenjemela, mkaka wina n'kubwelela m'chitini. Tinayeza, 97. Anayang'ana kapuyo n'kunena okha kuti, "Iyai." Anatunganso. Ulendo uno kapu inapendekeka, mkaka wonse unakhuthukila pa chitenje mpaka kumapazi. Kachitatu anatunga bwino ndithu, koma ataiona anapukusa mutu tisanaike n'komwe pa sikelo.

Kenaka anachita chinthu chimene chakhala chikundibwelela sabata yonseyi. Anaika kapu m'chitini. Ndi dzanja lamanzele ananyamula lamanja lija, n'kuliika pa kapu, n'kupinda zala zake chimodzichimodzi kuti zigwile. Atasiya, zala zinatambasuka zokha, dzanja n'kutsetseleka kugwela pambali. Anayesanso. Linagwanso.

Nkhuku inabwela n'kuyamba kujompha mkaka umene unagwa pansi, ndipo palibe anaiingitsa. Ine ndinagwada n'kumasasa chitenje chawo, kuti ndisawayang'ane kumaso. Dontho la msozi wawo linagwela pa mkono wanga.

Ndinatsala pang'ono kunena kuti tizisiye, tikayese tsiku lina. Nelia anandiyambilila.

"Amama, ine ndizithila, inu muziyang'ana. Ikakwana munene."

Anagwada patsogolo pa amake, kapu ataikweza kufika pa maso awo, n'kuyamba kuthila ndi supuni. Mkaka unakwela mpaka pakati, mpaka m'milomo. Asisi anangoyang'anitsitsa kapuyo. Nelia anaonjeza supuni ina, inanso, pamwamba panayamba kutukuka pang'ono ngati msana wa kamba.

"Basi."

Tinaika pa sikelo. 158.

"Tibweleze," ndinatelo. Nelia anakhuthula n'kuyambanso. Ulendo uno ndinaphimba nambala ndi chikhatho kuti pasakhale woonela.

"Basi."

Ndinachotsa dzanja. 160. Kachitatu, 157.

Nelia anakhala pansi pasimenti n'kugwila pakamwa. Zaka zonsezi amake akhala akuthila muyezo umodzi, wosasiyana ngakhale ndi supuni imodzi, popanda sikelo, popanda pepala. Dzanja linafa, koma diso likali kudziwa. Analemba m'kabuku ndi zilembo zikuluzikulu: mkaka, 158.

Tinachita chimodzimodzi ndi fulawa, shuga, majalini, mchele ndi bekingi pauda. Basi, basi, basi. Nelia anati amake sanalankhulepo mochuluka chonchi chidwalileni. Pa mchele ndinathila ine, ndipo nditapitiliza pang'ono anandimenya padzanja monga ankachitila ndili mwana. Tinaseka tonse atatu.

Uvuni wa asisi ndi theka la dilamu, malasha pansi, malasha pamwamba pa chivundikilo. Nelia anakanda, anadula ndi chitini chaching'ono, anaika. Patapita nthawi fungo linadzaza bwalo. Amake Joyce, a nyumba yoyandikana, anasuzumila pampanda, manja ali ndi thovu la sopo.

"Kodi aZelipa achila?"

Sindikudziwa ngati asisi anamva. Ndikhulupilila anamva.

Masikono anatuluka ofiila bwino, otukuka, ong'ambika pang'ono m'mbali monga a kale. Ndinadya imodzi ili yotentha, ndipo kwa ine inali yomweyo, ya pa siteshoni, ya m'chikwama changa popita ku sekondale. Nelia ananyema kachidutswa, anakauzila, n'kuwaika amake m'kamwa.

Anatafuna nthawi yaitali, maso ali pansi.

"Inde," anatelo. Nelia anamwetulila. Koma asisi anali asanamalize. Anameza, n'kukweza chala chimodzi.

"Iyai."

"Pali chimene chasowa, amama?"

"Inde."

"Chimodzi?"

"Inde."

"Mchele?"

"Iyai."

"Shuga? Mazila? Moto unachuluka? Ndakanda kwambili?"

Iyai, iyai, iyai. Anayamba kuyesa kunena. Milomo inkagwedezeka, mitsempha ya pakhosi inatuluka, koma chimene chinkamveka chinali mpweya ndi kaphokoso kopanda mutu. Tinawapatsa cholembela kudzanja lamanzele. Analemba mizele yokhotakhota, n'kuiyang'ana modabwa ngati walemba ndi munthu wina. Nelia analowa m'khichini n'kuyamba kutulutsa zinthu chimodzichimodzi: mafuta ophikila, soda, masamba a tiyi, ufa, ngakhale sefa ndi mthiko. Chilichonse ankachionetsa, asisi n'kupukusa mutu. Thukuta linali litatuluka pamphumi pawo. Anayesa komaliza, thupi lonse litawelamila kutsogolo, mpaka ndinagwila mpando kuopa kuti agwa.

Kenaka anatsamila, n'kutseka maso.

"Basi."

Basi ameneyu sanali uja wa m'mawa.

Ndinabwelela ku Petauke dzuwa litapendeka, sikelo nditaisiya komweko. M'minibasi munali phokoso la nkhani za mtengo wa chimanga, koma ine ndinkangomva mau a asisi a zaka zambili zapitazo. Ankandiitana kawilikawili ali pa uvuni. "Bwela uone mmene ndichitila, tsiku lina udzafuna." Ine ndinkayankha kuti ndili ndi mayeso. Iwo ankandisiya, poti mayesowo ndiwo ankawavutikila. Nditayamba nchito anandiitanabe kangapo. Ndinkati ndidzabwela pa holide. Pa holidepo ndinkabwela ndithu, kudzadya.

Ndinene zoona, mumtima mwanga sindinkaona ngati pali chophunzila. Kuphika masikono? Ine wa satifiketi? Nzelu zinali m'mabuku, ndipo zimene asisi ankachita ndinkazitcha kuzolowela chabe.

Ndikukayika ngati ndili ndekha. Taganizani za kwanu. Alipo munthu amene amathila mchele osalawa, ndiwo n'kutuluka bwino tsiku lililonse. Alipo amene amadziwa pogwila dothi kuti mbeu ilowe lelo kapena idikile masiku awili. Alipo amene amafulula thobwa limene mudzi wonse umalidziwa ndi fungo, kapena amene amasoka delesi atangokuyang'anani kamodzi. Munawafunsapo kuti amachita bwanji? Ndipo atakuyankhani kuti "umangoona," munakhala pansi kuti muone, kapena munaseka n'kutenga foni?

Ife kuno timayeza ndi meda ya chimanga, ndi mulu, ndi chikhatho, ndi chivundikilo cha botolo. Sindikunyoza. Miyezo imeneyi yatilela, ndipo ndaona ndi maso anga Loweluka kuti diso la munthu wodziwa nchito yake silisiyana ndi sikelo. Vuto lake ndi limodzi. Muyezo wa dzanja simungausiyile munthu wina. Kapu mungaisiye, beseni mungaisiye, uvuni mungausiye. Koma "kapu imodzi" imene mwini wake ankatanthauza imapita naye, kapena imatsekeka m'kati mwake iye ali moyo, akukuyang'anani.

Galamu ndi yozizila, ilibe chikondi, siidziwa dzina la munthu. Koma galamu ya ku Nyimba ndi yomweyo ya ku Chipata, ndipo idzakhala yomweyo mwana wa Nelia akadzakula. N'chifukwa chake ndikuti sikelo si mdani wa manja a amai athu. Ndi mboni chabe. Imalemba zimene manja anena, kuti zisathele pamodzi ndi manjawo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti kulemba timadziwa. Munthu akamwalila timakhala pansi monga banja, n'kulemba mbili yake bwinobwino, tsiku lobadwa, sukulu imene anaphunzila, ana angati, adzukulu angati, anadwala liti. Timakangana ngakhale pa kalembedwe ka dzina. Woiwelenga amavala jekete. Pamzele wina timaika kuti, "Malemu anali odziwa kuphika." Anthu amavomela ndi mitu. Koma ankaphika bwanji? Pamenepo pepala lili chete, chifukwa ali moyo palibe anabwela ndi cholembela.

Mafoni athu ndi odzaza. Muli zithunzi za maukwati, za mapwando a kukhichini, za maliilo, za nsapato zatsopano. Ndafufuza yanga usiku ndi usana sabata ino. Asisi alimo kambili, atavala za kuchalichi, ataima chilili ngati msilikali. Mulibe ngakhale kavidiyo kamodzi ka manja awo ali m'beseni. Mphindi zitatu zokha zikanakwana. Chinthu chimodzi chimene akulephela kutchulacho chikanaoneka pamenepo, tonse tikanangoti, oho, n'chimenechi.

Ndipo tisaname, zimenezi zimagwela kwambili nchito za azimai. Bambo akakhala ndi chigayo kapena galaja, ana amadziwa kuti pali chuma, amafunsa, amaphunzila, nthawi zina amalimbilana. Mai akamalela nyumba yonse ndi beseni, timati akungodzithandiza. Timadya, timaphunzila, timakwela mabasi kupita kutali, osadziwa kuti m'beseni muja muli luso limene linatenga zaka makumi atatu kuti lipsye. Timalizindikila tsiku limene latha.

Sindikunena kuti aliyense akhale wophika. Ine sindidzakhala, ndachedwa. Ndikunena kuti Loweluka limodzi silingakusaukitseni. Bwelekani sikelo ngati mulibe. Khalani pambali pa munthuyo akugwila nchito yake, osati kumufunsa ali pa mpando, chifukwa akamafotokoza amadumpha zimene manja ake amachita okha. Iye atunge, inu muyeze, katatu. Lembani mtundu wa mkaka, kukula kwa kapu, ngati amasalaza kapena amasiya kaphili. Lembani ngakhale zooneka zopanda pake: amayamba n'chiyani, amadikila nthawi yaitali bwanji, amaphimba ndi chiyani. Adzakusekani, adzati mwayamba misala ya m'tauni. Sekani nawo, koma lembani.

Chibwelele ku Nyimba ndakhala ndikumuimbila Nelia tsiku lililonse ndi maganizo atsopano. Lolemba ndinakumbuka kuti kuseli kwa nyumba yakale kunali mtengo wa mandimu, ndipo asisi ankandituma kukathyola. Mwina ankafinyila m'mkaka kuti usase. Nelia anayesa, anawalawitsa. Iyai. Lachiwili ndinati mwina ankasungunula mkaka m'madzi ofunda asanathile, m'malo mousakaniza ndi fulawa uli wouma. Iyai. Lachitatu ndinati afunse amake Joyce ndi azimai a pa siteshoni. Onse anati aZelipa ankakanda okha m'nyumba, iwo ankangoona zotuluka.

Malonda akwelako, osati ngati kale, koma beseni sikubwelela yodzaza. Masikono tsopano akutuluka ofanana tsiku lililonse, ndipo zimenezi ndi za 158 uja. Nelia akuti chaka chamawa, amake akapezako bwino, adzabwelela kukamaliza maphunzilo. Ndinamuuza kuti adzatelo. Tonse awili tinasintha nkhani msanga.

Lelo m'mawa waimba yekha.

"Amama ang'ono, ndinayesa kuthilako vanila pang'ono. Anati inde."

"Ndiye tapeza?"

"Mailo ndinaphika opanda vanila. Anatinso inde. Ndinawapatsa dala imodzi yopselela, ya pakona. Anadya n'kunena kuti inde. Asiya kukana. Kodi akuvomela chifukwa zakoma, kapena atopa nafe?"



Inu kwanu, ndani amene akali ndi mau okuuzani kuti iyai, sitichita choncho, bwela ndikuonetse? Nanga mukudikila chiyani?